Mchira wa Gendis

Kukhola kwa a Martorejo kunali malamulo awiri okha. Loyamba, usalowe ndi ndudu yoyaka, pakuti udzu wouma unali ponseponse. Lachiwiri, usagwire mchira wa hatchi yawo Gendis. Kutukwana unkatukwana, kunama unkanama, kugona m'ngolo dzuwa likuswa mtengo unkagona, koma ukaphwanya limodzi la awiriwa, mawa lake unkakafuna ntchito kwina.

Ine ndine Ponidi, ndipo ndinawayendetsera ngolo bambowa kuyambira ndilibe ndevu. Anthu a kuno ku Kotagede, kumene achimwene timati Kang, akandiona amati, "Kang Ponidi, tafotokozaninso za ukwati uja," ngati kuti ine tsikulo ndinkaseka. Sindinaseke. Ndinatsala pang'ono kunyowetsa nsalu ya eni ake.

A Marto, monga tinkawatchulira mwachidule, anabadwira m'banja la omweta udzu. Bambo awo ankasenza mitolo kukagulitsa m'makola a anthu ena, ndipo mwanayo anakula akuona mahatchi chakumbuyo, uku akuwola ndowe. Atakula anayamba ndi ngolo imodzi yobwereka, ya denga lodontha, yoti mvula ikagwa wokwera ankatsika kuti akabisale. Koma pamene ine ndinkafika kwawo, anali ndi khola lalitali kuseri kwa msika, ndi ngolo za mawilo anayi zimene kuno timati andong, zopakidwa bwino, nyali zamkuwa mbali ndi mbali. Iwo sankayendetsanso, ankangobwereketsa. M'mawa ife oyendetsa tinkabwera, aliyense n'kutenga hatchi ndi ngolo, madzulo n'kubweza. Tinkawapeza ataima pakhomo pa khola, manja kumbuyo. Ankayamba kuyang'ana mapazi a hatchi, kenako msana, iwe pomaliza. Hatchi ikabwera ndi mkwingwirima wa chikoti, unkalakalaka chikoticho chikanagwera iwe.

Akazi awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Tumirah, akukwawa. Sanakwatirenso. Mtsikanayo anakulira m'khola momwemo, ndipo anadziwa kusakaniza madeya a mpunga ndi udzu asanadziwe kuluka tsitsi lake.

Chimene chinawatchukitsa a Marto si ngolo ayi. Anali katswiri wowerenga akamvuluvulu, malo aja ubweya wa hatchi umazungulira ngati pamutu pa munthu. Kwa ife a mahatchi, zonse zinalembedwa pamenepo. Kamvuluvulu akakhala pakati pa msana timati ambulera, ndipo wokwera kumbuyo kwa hatchi yotero mavuto amamulambalala. Akakhala patsinde pa mchira timati nsanda, ndipo dzinalo silifuna womasulira. Lamulo lake ndi lakuti woipa mmodzi amameza abwino onse.

Munthu wofuna kugula hatchi ankayamba wadzawatenga a Marto. Iwo ankaizungulira, n'kuisisita ndi chala chimodzi, n'kunena mawu amodzi basi, ndipo mawuwo ankatha kukweza hatchi kapena kuitumiza kwa ootcha nyama. Wina anawabweretserapo hatchi yaulere, mphatso. Anaiyang'ana pakhosi, anathokoza mwaulemu, n'kupempha mwiniyo kuti aitulutsire kukhomo lakumbuyo. Pamene inaima anawazapo mchere.

Ngakhale anthu ankawawerenga. Tsiku limene ndinakapempha ntchito sanandifunse dzina. Anandivula chipewa n'kundiweramitsa.

"Awiri," anatero.

"Awiri chiyani, Pak?" ndinafunsa, poti kuno bambo timati Pak.

"Akamvuluvulu. Mwana wa awiri samva. Amayi ako anakalamba msanga, eti?"

"Anakalamba, Pak."

"Tenga tsache."

Gendis anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku chilumba cha Sumbawa. Inali hatchi yaikazi, yoyera ngati mkati mwa kokonati, ndipo pakati pa msana panali ambulera yooneka bwino yoti ngakhale wakhungu akanaipeza ndi chala. Mbiri inawanda msanga. Banja lina linapempha kuti hatchiyo ikokere ana awo popita kwa shehe kukamanga ukwati. Kenako lina. Sipanapite nthawi, mu Kotagede monse ukwati wopanda Gendis unkaoneka ngati wozemba. Anthu ankayamba afunsa tsiku limene Gendis alibe ntchito, kenako n'kumakafunsa akuluakulu ngati tsikulo ndi labwino.

Hatchi imeneyi a Marto ankaisambitsa okha, chitseko chotseka. Ankaimanganso okha. Pamatako pake ankayalapo nsalu yofiira yopeta ndi ulusi wagolide, yokhala ndi lamba wodutsa kunsi kwa mchira, ndipo Gendis sankatuluka m'chipinda chake popanda nsaluyo. Ankati ili ndi manyazi kumbuyoko ndipo imaponda.

"Ku Sumbawa inagulula munthu chibwano," ankatero. "Mpaka lero amadya phala."

Ndani akanafuna kuyesa?

Ndiye tsiku lina anandiitana pamaso pa anzanga onse.

"Ponidi, hatchi iyi ikufuna manja ako. Wina aliyense ayi."

Abale inu, ndinatupa. Kang Sarju, amene anali mkulu wa ife tonse oyendetsa, mwini dzino limodzi lotchuka, sanandilankhule mwezi wathunthu. Ine ndinkavala jekete lakuda ndi duku lija amuna kuno timavala pamwambo, n'kukhala pampando wakutsogolo ngati nduna, belu ndikuliza ndi phazi ngakhale msewu uli wopanda ndi nkhuku yomwe. Nditapeza mkazi, Sarmi wangayu, a Marto anandipatsa Gendis mwaulere kuti atikokere ku ukwati wathu. Anangoti ndiyendetse ndekha. Ndiye ndinapita ku ukwati wanga ndili woyendetsa, mkwatibwi ali yekha kumbuyo ngati katundu, ndipo ndinkaona ngati andilemekeza.

Iwo eni ake sanakwerepo ngolo yokokedwa ndi Gendis, ngakhale Tumirah sankamulola. Ife tinkati ndi kudzichepetsa. Ankakondanso kufunsa za mabanja amene hatchiyo inanyamula: kodi a uje ali bwino, mwana anabadwa bwino, chifuwa chija chinatha? Tinkati bambowa ndi a mtima wabwino.

Tumirah anakula, ndipo anakondana ndi Gunadi, mnyamata wofatsa wolankhula ngati akupepesa. Vuto silinali Gunadi. Vuto linali amayi ake, Bu Cokro (Bu ndiye kuti mayi), ogulitsa zibangili ndi ndolo zasiliva, mayi oti akalowa m'nyumba mipando imaongoka yokha. Tsiku lokambirana za mwambo anabwera ndi abale awo, ndipo ine anandipatsa ntchito yothira tiyi. Anagwirizana za tsiku, za mpunga, za oimba. Kenako Bu Cokro anati:

"Za ngolo sitikambirana n'komwe, Pak Marto. Ndi Gendis."

A Marto anayang'ana m'kapu mwawo.

"Gendis akutsimphina, Bu."

"Akutsimphina? Dzulo ndamuona akunyadira pamsewu ndi ana a kwa wogulitsa mafuta uja. Mwendo wake uti?"

"Wakumbuyo."

"Iwe Ponidi, si ndiwe umayendetsa? Akutsimphina?"

Ine ketulo ili m'manja. Ndinayang'ana abwana anga, ndinayang'ana mayiwo.

"Akafuna, Bu."

Palibe anaseka. A Marto anayamba kulonjeza zinthu. Ngolo zonse za m'khola ziperekeza. Mahatchi awiri akuda patsogolo, maluwa mpaka m'mawilo. Akabwereka ngakhale ngolo ya galasi ku mzinda. Bu Cokro ankangotembenuza chibangili chawo pamkono.

"Mwana wanga woyamba, Hartoyo, anapita kwa shehe pansi pa ambulera. Ndiye wachiwiriyu ndi wotola? Kapena mukuona kuti banja lathu silikuyenera hatchi yanu? Nenani poyera, ndife akuluakulu."

"Si choncho, Bu."

"Nanga ndi chotani?"

A Marto anabweza maso m'kapu mwawo.

"Chabwino," anatero mayiwo akuimirira. "Popanda Gendis, Gunadi sabwera. Zikomo chifukwa cha tiyi."

Nkhaniyi inafika pamsika ife tisanatsuke makapu. Poimikira ngolo anzathu ankatifunsa ngati abwana athu ayamba misala. Munthu wobwereketsa hatchi kwa aliyense, ngakhale kwa akuba odziwika, n'kumana mwana wake? Kang Sarju ankati ndi kuumira. Ena ankati akufuna kuti mwanayo akalambire m'khola, aziwaphikira. Koma pakamwa pa anthu sipaima pabwino.

Masana ena ndinali kunsi kwa ngolo ndikupaka girisi, miyendo yokha ili panja, pamene Tumirah analowa. Bambo ake anali akusoka lamba.

"Bambo, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, Tum."

"Ana a eni ake onse munawapatsa. Ine ndakula ndikuipatsa madeya hatchi imeneyi. Mukudziwa zimene akunena kuchitsime?"

"Za kuchitsime n'zakuchitsime."

"Akuti ndili ndi pakati, ndiye mukuopa kuti ndidetsa ambulera. Ena akuti si ndinu bambo anga. Dzulo azakhali ake a Gunadi anandiyang'ana pamimba, osati kumaso. Pamimba, bambo!"

Ndinamva singano ikugwa pansi.

"Ndani wanena zimenezo?"

"Mwanena ndinu. Kukana kwanuko."

Ine ndinasiya ndi kupuma komwe.

"Kawauze kuti Gendis apita," anatero a Marto, mawu ali ngati a munthu wodwala.

Kuyambira pamenepo bambowa anayamba kutha. Mpunga ankangoutembenuza m'mbale. Madzulo tikamabweza mahatchi sankayang'ananso mapazi, moti Kang Sarju anabweza hatchi yoguluka chitsulo cha kuphazi osakalipidwa, ndipo zinamuopsa kuposa kukalipidwa. Ine ankangondifunsa za m'thupi.

"Ponidi, sukumva kupweteka penapake?"

"Ayi, Pak."

"Mutu? Chifuwa? Sarmi ali bwino?"

"Ali bwino mopitirira muyeso, Pak. Dzulo anandigenda ndi chipande."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero, osamwetulira.

Tsiku la ukwati linafika. Bwalo la kutsogolo kwa khola linadzaza: achibale, oyendetsa ngolo onse a m'dera lathu, amayi a pamsika, oimba ndi zoimbira zawo zamkuwa. Masamba a kokonati anali atalukidwa pachipata. A kuchimuna anafika, Bu Cokro ali patsogolo, akuwala ngati sitolo yawo. Dongosolo linali la masiku onse: akwati akwere limodzi, tidutse pamsika, tikafike kwa shehe kumzikiti.

A Marto anatulutsa Gendis, maluwa oyera ali m'manyenje, nsalu yofiira ili pamalo pake. Anamumanga pangolo. Ine ndinakwera pampando wanga, ndinakonza duku, ndinaliza belu kamodzi kuti akazi andione.

Tumirah anatuluka. Sindinama, anakongola moti amayi ena anayamba kulira asanauzidwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pangolo, anakweza nsalu yake pang'ono, n'kuika phazi pachopondera.

"Tsika!"

Mawuwo anamveka mpaka kumsika. Oimba anasiya, wina ndodo ili m'mwamba. A Marto, munthu amene sindinamumvepo akukuwa, anali atagwira mwana wawo pamkono.

"Tsika, Tum. Chotsa phazi."

"Pak Marto," anatero Bu Cokro, "mwayambanso?"

A Marto anasiya mkono wa mwana wawo. Anapita kumbuyo kwa hatchi, anamasula lamba uja, n'kukoka nsalu yofiira. Tonse a m'khola tinagwira zibwano zathu. Gendis sanaponde. Anangotembenuka n'kuwayang'ana. Patsinde pa mchira ubweya unali wogona bwinobwino, wosalala, wonyezimira mwachilendo. A Marto ananyamula ndowa ya madzi akumwa a hatchi n'kukhuthulira pamenepo, kenako anayamba kutikita ndi chikhatho. Madzi anatsika oyera ngati otsukira mpunga. Linali phala la chinangwa, lija amayi amalimbitsira nsalu. Atachotsa dzanja, ubweya unayamba kudzuka wokha, pang'onopang'ono, n'kupindika, n'kuzungulira.

Ine ndinali pamwamba pake penipeni. Ndinaona bwino kuposa aliyense.

"Nsanda!" anakuwa Kang Sarju. "Mulungu atikhululukire, nsanda!"

Mmene ndinatsikira sindikudziwa. Ndinangozindikira ndili kuseri kwa mtengo wa mango, nsapato imodzi itatsala pangolo.

Kenako mayi wina kumbuyo anati, motsitsa, ngati akudzilankhulira, "Ine ndinakwera imeneyi." Basi, zinali ngati waponya mwala pachisa cha mavu. Pabwalopo, mwa akazi okwatiwa, amene sanakwere Gendis anali owerengeka.

"N'chifukwa chake bambo a kwathu anathawa ndi woimba uja!"

"Nanga sitolo yathu inapsa ija?"

"Ine mano onsewa! Chaka chomwecho!"

"Apongozi anga anafa patangopita miyezi!"

"Aja anali ndi zaka zawo, iwe, usanamizire hatchi."

"Ndiye ukuti ndikunama?"

Sarmi anandipeza kuseri kwa mango. Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Ndinkadabwa ine," anatero.

A Marto anaima pomwepo, ndowa ili kumapazi, manja akudontha. Phokoso litachepa analankhula, osayang'ana munthu.

"Wogulitsa hatchiyi ndiye anayamba kumata. Ine amene ndimawerengera anthu, anandimata m'maso ndi phala. Ndinazindikira nditaisambitsa kuno, munda wa malemu akazi anga nditagulitsa kale kuti ndiigule, ukwati woyamba nditavomera kale. Ndinamatanso. Ndinati kamodzi kokha. Ndinadikira maliro, sanabwere. Anabwera ena kudzapempha. Ndinadikiranso. M'mawa uliwonse ndakhala ndikumata. Lero ndamatanso. Koma nditaona phazi lake pachopondera... wanga ayi."

"Wanu ayi," anatero Bu Cokro.

Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Wanu ayi. Koma Hartoyo wanga inde. Munamugwira dzanja tsiku lija, munamukweza nokha, munati ayende pansi pa ambulera. Ndinakupatsani ndi mphatso ya nsalu."

"Ndinatero, Bu."

"Ndiye mukamandifunsa pamsika kuti Hartoyo ali bwanji, munkafuna kumva ngati wafa?"

A Marto anaweramitsa mutu.

Apa m'pamene nzeru zanga zinafika, mochedwa monga mwa masiku onse. Okwatirana ankakwera kamodzi. Kamodzi kokha pa moyo wawo wonse. Nanga amene ankakhala tsiku ndi tsiku, mawondo atatsala pang'ono kugunda mchirawo, anali ndani?

"Pak!" ndinakuwa ndili kuseri kwa mtengo. "Nanga ine? Manja anga aja?"

Anandiyang'ana ndi maso achisoni enieni.

"Iwe uli ndi awiri pamutu, Ponidi. Ndinkati imfa ikafika isokonezeka."

Anthu ena anaseka, ndipo ndikuwadziwa mayina. Kang Sarju, amene anandichitira nsanje zaka zonsezo, anabwera kudzandigwira paphewa, dzino lake lili panja.

"Pepa, mphwanga. Ulemu uja unali wako ndithu."

Bu Cokro anakoka mpango wawo.

"Gunadi, tiye kwathu. Ukwati kulibe. Sindingatenge mwana wa munthu wotere."

Abale awo anayamba kutembenuka. Onyamula mphatso ananyamulanso mphatso. Apa ndinaona kuti zatha, ndipo a Marto anaonanso. Anali atataya dzina lawo kuti apulumutse mwana, ndipo mwanayo ukwati unali kumuthawa pamaso pawo.

Tonse tinali titaiwala mkwatibwi. Tinangomva ngolo ikulira kwii. Tumirah anali atakwera, atakhala pampando wakumbuyo, manja pamiyendo, maluwa ali m'mutu.

"Tum!" a Marto anathamangira. "Mwana wanga, tsika, ndakupempha!"

"Sinditsika, bambo. Amayi onsewa anakwera. Mnofu wanga ndi wosiyana ndi wawo? Ngati pali choti chigwe, chigwerenso kwathu. Mwina zikatero adzatha kutiyang'ana." Anatembenukira kwa mnyamata uja n'kumuitana mwaulemu wa kuno. "Mas Gunadi, ine ndikupita kwa shehe. Ngati simubwera ndikamuuza ndekha kuti simunabwere."

Gunadi anaima pakati, amayi ake uku, ngolo uku, thukuta likutsika m'khosi. Ine ndinali nditamuwerengera kale kuti atsatira amayi ake, pakuti mnyamatayo ngakhale nthochi ankasenda atapempha chilolezo. Anagwada pang'ono pamaso pa mayiwo, manja pamodzi.

"Amayi, pepani. Munati popanda Gendis sindibwera. Gendis ndi uyu."

Anakwera.

Bu Cokro anatsegula pakamwa, koma munatuluka mpweya wokha. Mu Kotagede monse palibe amene anali atawaonapo atasowa mawu, ndipo ena amati chodabwitsa chachikulu cha tsikulo chinali chimenechi.

Tsopano akwati ali m'ngolo, hatchi ili yomanga, pampando wakutsogolo pali nsapato yanga yokha.

"Kang Ponidi!" anaitana Tumirah.

"Mwendo, mlongo wanga. Wandigwira mwadzidzidzi."

"Kang Sarju?"

"Ine hatchi imeneyo siidziwa manja anga, mwanawe. Abwana ananena okha."

Oyendetsa ngolo onse amene anadzaza pabwalopo, amuna a ndevu zawo, aliyense anapeza choyang'ana pansi. Tumirah anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anayang'ana bambo ake.

"Bambo, kwerani. Shehe akudikira."

A Marto anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Munthu ameneyu ankakhulupirira akamvuluvulu kuposa tonsefe, musaiwale. Kwa iye pampando paja panali pamphepete pa manda. Anapukuta manja pansalu yawo, anachotsa nsapato yanga n'kuiika pansi mwaulemu, anagwira chitsulo, anakwera. Wina anatola nsalu yofiira ija kuti awapatsire.

"Isiyeni," anatero.

Anagwedeza zingwe, Gendis ananyamuka.

Sindinaonepo ulendo wa ukwati ngati umenewo. Oimba sanadziwe ngati aimbe kapena ayi, ndiye mmodzi yekha ankagogoda, enawo akungoyenda. Pamsika anthu anathamangira kumsewu monga mwa chizolowezi kudzaona ambulera, ndipo odziwa mahatchi akaona kumchira ankabwerera chafutambuyo, ena kugwera m'madengu a tsabola. A Marto anakhala chiwongokere, maso patsogolo, nkhope ili mbuu ngati phulusa. Belu sanalize ngakhale kamodzi. Ife tinkatsatira wapansi, chapatali ndithu, aliyense akudikira kuti wilo liguluke, kapena mtengo ugwe, kapena bambowo angoti khu. Pa mlatho waung'ono uja Gendis anapunthwa pang'ono, ndipo khamu lonse linakuwa limodzi. Unali mwala chabe.

Kumbuyo kwenikweni kunkabwera Bu Cokro, nawonso wapansi, atakana kukwera ngolo iliyonse ya kwa a Marto, akutukwana motsitsa njira yonse. Koma ankabwera. Kumzikiti anakhala pamalo pawo, ndipo shehe atafunsa ngati pali mawu, anangotembenuza chibangili. Ukwati unamangidwa. A Marto, monga bambo a mkwatibwi, anapereka mwana wawo, ndipo atatha anatuluka kukakhala pamthunzi pafupi ndi hatchi. Kuphwando sanalowe. Anthu ambiri sanadye.

Khola silinadzukenso. Palibe anabweranso kudzapempha ngolo ya ukwati, palibenso anawatenga kukawerenga hatchi. Amayi ena anabwera kudzawatukwana pachipata, iwo ankatuluka n'kuima mpaka mayiyo atatopa. Oyendetsa tinabalalika, ine ndinapita kwa mwini ngolo wina kumpoto kwa msika, nditayamba ndasuzumira kunsi kwa mchira wa hatchi iliyonse m'khola mwake. A Marto anagulitsa ngolo imodzi imodzi mpaka inatsala imodzi. Ootcha nyama anabwera kudzafunsa za Gendis, poti nyama ilibe kamvuluvulu, koma anawabweza. Anayamba kuyendetsa okha, atakalamba choncho, kumaima kusiteshoni ya sitima kudikira alendo ochokera kutali, amene akaona hatchi yoyera amangoti yokongola. Ndipo aliyense asanakwere ankamuonetsa kumchira n'kumufotokozera. Alendowo ankagwedeza mutu, ena n'kujambula.

Tumirah ndi Gunadi alipo, ali ndi ana, amakangana ngati anthu ena onse. Bu Cokro amadyera limodzi ndi mpongozi wawo, koma sanalankhulenso ndi a Marto.

Tsiku lina ndikuchokera kukaona mlongo wanga kuchipatala, mvula inandipeza panjira, ya madontho akuluakulu ija. Ndinamva ziboda kumbuyo. Ngolo inaima pambali panga, ndipo a Marto anasuzumira, madzi akutsika pachipewa.

"Ponidi! Kwera, ndikakusiye."

Ndinayang'ana denga louma lija, ndinayang'ana mpando wofewa. Kenako Gendis anapukusa mchira.

"Zikomo, Pak. Adokotala anati ndiziyenda."

"Pamvula?"

"Makamaka pamvula, Pak."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, anapita. Kunyumba ndinafika nditanyowa mpaka kabudula wam'kati, ndipo ndinagona sabata yathunthu ndi chifuwa.